Likoma kapena Zanzibar: ndipite kwa ajenti kapena ndipange ndekha?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Ine ndi amuna anga takhala tikuponya kandalama ku banki mkhonde zaka ziwiri kuti Disembala uno tiwatengeko ana athu awiri kokayenda. Anawo akuti Zanzibar, bambo awo akuti Likoma yakwana. Ndiye alamu anga akuti ma ajenti ndi akuba basi, zonse ndikhoza kupanga ndekha pa foni. Ndi zoona? Ndipite kwa ajenti kapena ndilimbe mtima?

Yankho: Yewo chomene mayi. Ndiyambe ndi kuulula kuti ine nsima yanga yakhala ikuchokera ku ntchito yomweyi zaka zambiri, kudula matikiti a ndege ndi kukonzera anthu maulendo, ndiye muzidziwiratu kuti mukufunsa wogulitsa usipa ngati usipa wake ndi wa lero. Komabe ndinena mmene zilili ngakhale pena zindidyere bizinesi.

Alamu anuwo sakunama kwenikweni, kungoti sakumaliza nkhani. Kubukitsa chipinda kapena kupeza mtengo wa tikiti, zimenezo mwana wanu wa folomu 2 akhoza kupanga ndi bandulo ya tsiku limodzi. Ajenti simumulipira chifukwa choti amadziwa kudina kompyuta ayi. Mumamulipira kuti zinthu zikasokonekera muli kutali, pakhale munthu woti mumuimbire n'kumukalipira, iye n'kusiya kudya kuyamba kuthamangathamanga. Ndiye musanadzifunse za ajenti dzifunseni kaye kuti, ulendo umenewu ukavuta pakati, ndingathe kuukonza ndekha ndi pakamwa panga, foni yanga ndi makwacha anga? Pa Likoma yankho ndi eya. Pa Zanzibar zitengera mwadzera kuti.

Likoma ndiye musavutike n'komwe. Munthu wa ku Chibavi kupita kwa ajenti kuti amukonzere ulendo wa ku Likoma, ndiye kuti ndalama zamuchulukira. Nkhata Bay ndi pompano, makilomita osafika 50, Sienta mwakwera pa depoti ola limodzi mwafika, ndipo chimene ine ndingachite mukandipatsa ntchitoyo ndi kutenga foni kuimbira loji, chimodzimodzi chimene mungachite inuyo, kenako n'kuikapo kanga pamwamba. Imbani nokha. Ndipo ndikuti imbani, osati kungoona mitengo ya pa intaneti ija, chifukwa yambiri imalembedwa mu madola poganizira azungu, pomwe maloji ambiri a kunyanja ali ndi mtengo wina wa ife eni dziko umene salengeza, umatuluka mukalankhula Chichewa kapena Chitonga n'kufunsa kuti "nanga wa Amalawi ndi zingati?" Mufunsenso ngati amalola kuphika nokha, chifukwa banja la anthu anayi kudya za pa loji katatu pa tsiku kwa sabata yonse, kandalama ka banki mkhonde kaja kathera m'mbale. Ku chilumba zinthu zimadulirapo poti pafupifupi chilichonse chimabwera pa sitima, ndiye ufa, mafuta ophikira, shuga, anyezi mugulire mu msika wa Mzuzu momwemu, nsomba mukazipeza komweko. Dipoziti mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, akulembereni pa WhatsApp masiku ake, mtengo ndi zipinda zingati, mawu a pakamwa nthawi ya Khrisimasi amauluka.

Chovuta cha Likoma si malo ogona, ndi kafikidwe. Ilala ija inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndi agogo, ndipo agogo sathamangitsidwa. Imazungulira kamodzi pa sabata kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwerera, imafika nthawi imene yafika, ndipo nthawi zina imachotsedwa pa madzi kuti ikakonzedwe. Palibe ajenti pa dziko lino amene angailamule. Ndinakhalapo pa jeti pa Nkhata Bay kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka usiku, matumba a chimanga, malata, makreti a zakumwa, njinga, mayi wina ali ndi matilesi pamutu mwana kumsana, tonse maso ali kunyanja, ndipo pambali panga panali azungu awiri atagwira pepala losindikiza bwinobwino la kampani ina yokonza maulendo, lolemba ola lenileni lonyamukira. Anadikira chimodzimodzi ngati ifeyo. Ndiye chimene mungachite ndi kufunsa ku ofesi ya sitima pa doko sabata yomwe mukunyamukayo, kufunsanso a loji za maboti ena amene amayenda pakati pa Nkhata Bay ndi chilumbacho, komanso osakonza zobwerako Lamlungu pamene Lolemba mukufunika m'kalasi. Siyani masiku awiri atatu opumira. Poti muli ndi ana, ngati thumba lilola tengani kebini kapena pamwamba paja, pansi pamadzaza zedi, koma makebini ndi ochepa ndiye muyambe msanga. Mukafika muwatengere anawo ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija anayamba kumanga mu 1903, aziona okha kuti chinyumba chotere chinamangidwa bwanji pa kachilumba.

M'dziko muno malo amodzi okha amene ndimawauza anthu kuti lipirani munthu ndi Nyika, makamaka nyengo ya mvula. Mukadutsa Rumphi msewu wake wafumbi, ndipo kuchoka pa geti ya Thazima kukafika ku Chelinda ndi mtunda winanso wautali wa m'mapiri, netiweki ya apo ndi apo. Pamenepo chimene mukugula ndi galimoto yamphamvu ndi dalaivala woidziwa njira, osati bukingi. Koma poti simunafunse za Nyika tizisiye.

Tibwere ku Zanzibar ya anawo. Njira zilipo ziwiri ndipo yankho langa likusiyana.

Ya pansi, ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene a ku Blantyre alibe. Mwakwera ya ku Karonga, mwatsika Chiweta, mwafika pa boda ya Songwe, mwaoloka, Kyela, Mbeya, kenako basi ya ku Dar es Salaam imene imadya tsiku lathunthu, kapena sitima ya pamtunda ya TAZARA ngati muli ndi mtima wodekha chifukwa imachedwa koma ana amaikonda. Ku Mbeya kulinso bwalo la ndege la Songwe komwe mungakwere ndege ya m'dziko momwemo kupita ku Dar, anthu ambiri saiganizira imeneyi, amangoti ndege ndiye kuti Lilongwe, kutsika makilomita oposa 300 kumwera kuti ukakwere ndege yobwereranso kumpoto. Pa Dar mukwera boti, maola awiri mwaponda Zanzibar. Amalawi sitifunika viza ku Tanzania. Pa njira imeneyi ajenti wabwino kuposa ine ndi mayi aliyense wa geni wa mu msika wa Mataifa amene amakapikula katundu ku msika wa Kariakoo ku Dar mwezi ndi mwezi. Amadziwa basi yabwino ndi iti, ogona pa Mbeya otchipa koma aukhondo ali pati, ndalama asinthire kwa ndani pa boda osaberedwa, ndi anyamata ati oti osawapatsa chikwama. Mugulireni fanta mukhale naye pansi theka la ola, safunsa anadya phula. Zinthu ziwiri zokha zimene mwina iye sangakuuzeni poti amathera pa Dar: Zanzibar kuyambira pa 1 Okutobala 2024 inayamba kufuna kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi yake ya komweko, imene poyamba inali ya madola 44 munthu wamkulu, ndiye mufunse mtengo wake muiwerengere mu bajeti, komanso anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, m'tauni ya Stone Town muvale modzilemekeza, zovala za kunyanja zithere kunyanja. Ndipo wotchi muisunthe, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndaonapo anthu akusiyidwa ndi basi ya m'mawa pa Mbeya chifukwa cha kaola kameneka.

Koma ndikuuzeni zoona mayi, masiku awiri kapena atatu pa msewu ndi ana awiri, kupita kokha, si masewera. Ngati mwasankha kuuluka kuchokera ku Lilongwe, apa ndiye ndikuti pitani kwa ajenti, ndipo chifukwa chachikulu si ulesi, ndi madola.

Alamu anu akamati gulani pa foni, afunseni kuti mulipira ndi chani. Mtengo umaoneka pa intaneti uja ndi wa madola, ndipo khadi yanu ya ku banki ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire kunja, malire ake ndi ochepa moti matikiti anayi sangakwane, nthawi zina imangokana osakuuzani chifukwa. Mukudziwa mmene zinthu zakhalira, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, madola ku banki ndi osowa, ndipo mu 2022 momwemo makampani ena a ndege anafika poimitsa kaye kugulitsa matikiti kudzera mwa ife ma ajenti a muno chifukwa ndalama zawo zinkakanika kutuluka m'dziko. Ndiye munthu akakanika pa khadi amathamangira kwa anyamata osintha ndalama pa msewu, kumene dola imadula kutalitali kuposa ku banki, kenako n'kupempha m'bale wa ku Joni kuti amulipirire ndi khadi yake, pomaliza tikiti "yotchipa" ija yadula kuposa ya kwa ajenti. Ajenti wovomerezeka, kapena ofesi ya kampani ya ndege yeniyeniyo, amadziwa kuti sabata ino ndi ndege iti imene ikulandira makwacha ndipo pa mtengo wanji, zimenezi zimasinthasintha ndipo pa Google simuzipeza. Tikiti ikakhala m'manja ndi imenenso mumapita nayo ku banki pamodzi ndi pasipoti kukapempha ndalama zakunja za paulendo, ndipo mupite msanga, osati sabata yonyamuka.

China chimene foni sikuuzani ndi nkhani ya kulumikiza ndege. Bambo wina wa bizinesi konkuno anabwera mu ofesi atakwiya ngati ndine ndamulakwira, chonsecho tikiti sanagule kwa ine. Anapeza pa intaneti kuti akagula matikiti awiri osiyana, ina yomufikitsa pa bwalo la pakati ina yopitirira, apulumutsa kandalama ndithu. Ndege yoyamba inachedwa maola atatu, anafika inzake itapita. Atapita pa kauntala anamuuza mwaulemu kuti bwana ife sitikukudziwani, inu simunabwere pa nthawi yake, tikiti yanu yapsa, ndipo poti sanakwere ulendo wopita, wobwereranso unafufutika wokha mu kompyuta. Anagona pa mpando, n'kugula ina pa mtengo wa tsiku lomwelo. Akanakhala kuti ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, kampaniyo ikanamukweza ndege yotsatira popanda kulipira kanthu, katundu wakenso akanangodutsa yekha. Kusiyana kwake pa sikirini ya foni sikuoneka, mumangoona mtengo wotsika basi. Chimodzimodzi nkhani ya katundu, mitengo ina yotsikitsitsa ija ndi ya munthu ndi kachikwama ka m'manja, sutikesi mulipira padera pa bwalo, ndipo siisinthika tsiku ngakhale mwana adwale.

Palinso timalamulo tina timene timagwira anthu pakhosi. Mmalawi wodutsira ku London, ngakhale sakutuluka pa bwalo la ndege, amafunika viza yodutsira. Wopita ku South Africa kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi akakhalitsa pa bwalo maola oposa 12 akhoza kufunsidwa kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Wofuna viza ya maiko a Schengen ku Ulaya amafunika inshuwalansi yofika mayuro 30,000. Inu a ku Zanzibar za maviza izi sizikukukhudzani, ndangotchula kuti muone mtundu wa zinthu zimene munthu amalipirira ajenti, ndipo ulendo ukamatalika ndi pamene zimachuluka.

Tsopano mbali imene alamu anu akunena zoona, ndipo ndi yaikulu. Akuba alipo. Masiku ano aliyense amene ali ndi foni ndi chithunzi cha ndege pa Facebook ndi ajenti. Mayi wina wa ku Luwinga anatumiza ndalama zonse pa foni kwa munthu amene sanamuonepo, anamutumizira pepala lokongola, dzina lake lilipo, nambala ya ndege ilipo, tsiku lilipo. Anakwera basi ya usiku, kuzizira kwa mu Chikangawa kuja, Jenda, Kasungu, m'mawa ali pa Kamuzu International Airport ndi masutikesi awiri, achibale omuperekeza atajambulitsa kale zithunzi. Pa kauntala mtsikana anadinadina kompyuta n'kunena kuti mayi dzina lanu linalipo koma linachotsedwa, tikiti siinalipiridwe. Foni ya "ajenti" uja osapezekanso. Chimene chinachitika n'chakuti munthuyo anangosungitsa mpando, zimene ajenti aliyense angachite ulere kwa masiku ochepa, mpando uja ukapanda kulipiridwa kompyuta imaufufuta yokha. Ndiye gwirani ichi mayi, ngakhale zina zonse muiwale: kusungitsa mpando ndi tikiti ndi zinthu ziwiri. Bukingi imakhala ndi kodi ya zilembo ndi manambala 6. Tikiti yeniyeni imakhala ndi nambala ya madijiti 13, atatu oyambirira ndi a kampani ya ndege, mwachitsanzo 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways. Munthu aliyense pa anayi inu akhale ndi nambala yakeyake. Mukalipira, tsiku lomwelo lowani pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo, lembani kodi ija ndi dzina la bambo, muone ngati nambala za matikiti zikuoneka, kapena imbirani ofesi yawo ku Lilongwe akutsimikizireni. Ajenti woona sakwiya mukatero. Akayamba zoti "simukundikhulupirira?" tengani chikwama chanu.

Musanapereke ndalama pitani pa ofesi pake ndi miyendo yanu, muone laisensi ya boma ya zokopa alendo ili pakhoma, mufunse ngati ali ndi chilolezo cha IATA, bungwe la makampani a ndege pa dziko lonse, kapena amadulira matikiti kudzera mwa ndani, ndalama zipite ku akaunti ya kampani osati nambala ya munthu, risiti mutenge. Ndipo mufunseni mosapsatira kuti zake ndi zingati. Kale makampani a ndege ankatipatsa komishoni yabwino pa tikiti iliyonse, pano ambiri anadula kapena kusiyiratu, ndiye timakhalira kandalama ka ntchito kamene timaika pamwamba, kuphatikiza kamene mahotela amatipatsa tikawatumizira alendo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, koma zikutanthauza kuti ajenti akamakukankhirani hotela imodzi yomweyomweyo, mwina si chifukwa choti ndi yabwino kwa ana anu. Muuzeni akulembereni padera, ndege zakuti, hotela zakuti, zanga zakuti. Akaphatikiza zonse mu mtengo umodzi n'kumati ndi phukusi, pamenepo ndi pamene pamabisala mbewa. Ndiponso palibe lamulo loti mugule zonse kwa iye, ambiri amene ndimawaona ochenjera amagula tikiti yokha kwa ajenti, malo ogona n'kupeza okha, kusankha amene amalola kulipira ukafika.

Nafenso timalakwitsa, ndisaname. Ndinalembapo dzina la kasitomala molakwika chilembo chimodzi, poti pa foni ndinamva L pomwe mu pasipoti muli R, mukudziwa mmene ife timasinthanitsira zilembo ziwirizi. Tinazindikira kutatsala masiku awiri, ndinathera tsiku lonse pa foni ndipo chindapusa chosinthira ndinalipira ndine kuchokera m'thumba mwanga. Akanalakwitsa yekha pa foni yake bwenzi ili yake. Kuyambira pamenepo sindidula tikiti ndisanaone chithunzi cha pasipoti, ndipo inunso pepala likabwera muwerenge maina onse anayi chilembo ndi chilembo musanatuluke mu ofesi.

Zandikumbutsa, mapasipoti muli nawo? Ana aliyense amafunika yakeyake, ndipo anu akuluakulu akhale otsala ndi miyezi yosachepera 6 asanathe. Musaiwale zija za kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, anthu matikiti ali m'manja ulendo osatheka. Musalipire tikiti kapena hotela mapasipoti asanatuluke, ndipo ajenti amene akuti mupatseni ndalama "akuthamangitsireni" pasipoti kapena akulonjeza kuti viza ituluka ndithu, ameneyo ndi dobadoba wovala tayi. Pitani nokha ku ofesi ya Immigration konkuno.

Mukandifunsa kuti ine ndikanatani ndi ndalama ya zaka ziwiri ya banki mkhonde, ana awiri, Disembala, ndikanagwirizana ndi bambo awo chaka chino. Likoma mupanga nokha, mulipira makwacha okhaokha, ndipo chikavuta chilichonse muli kwanu, mukhoza kukalipa m'chilankhulo chanu. Mchenga ndi madzi oyera anawo akaziona, ndipo alibe mchere. Zanzibar muisungire chaka chimene mapasipoti ali m'manja ndipo mwayamba kukonzekera miyezi inayi isanu isanakwane, chifukwa mitengo ya Khrisimasi kumeneko imakwera zoopsa. Koma ngati anawo apambana mlandu kunyumbako, poti ndikudziwa mmene zimathera, pitani kwa ma ajenti awiri osiyana sabata ino akupatseni mitengo yolemba, alamu anu nawonso afufuze wawo pa foni paja, ndiye muwafunse funso limodzi lokha, kuti mtengo apezawo alipira ndi khadi ya ndani. Za maloji a ku Likoma yambani kuimba pano, ikangodutsa Mother's Day zipinda zabwino za Disembala zimakhala zitayamba kale kutha.